Yankho kwa achemwali a ku Ndirande: utoto wa ana muphike nokha

Achemwali, ndawerenga funso lanu. Mwati muli ndi ana awiri, wina wa chaka ndi miyezi 8, wina wa zaka 4, mvula yawatsekera m'nyumba ya lendi, akungolimbirana foni, ndiye mukufuna muwapezere zopentapenta. Koma utoto wa m'sitolo wakwera mtengo, komanso wamng'onoyo chilichonse chimathamangira kukamwa. Ine ndimaphunzitsa ana pa sukulu ya mkombaphala ku Chilomoni, ndiye mundilole nditalikitseko, chifukwa mayankho ena amene anthu akupatsani andidetsa nkhawa.

Amene wakuuzani kuti mungotenga penti yotsala yopakira nyumba, chonde musamumvere. Penti ina ya mafuta imakhala ndi mtovu, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu, ngakhale wochepa bwanji, umene uli wabwino m'thupi la mwana. Umaononga ubongo pang'onopang'ono, mwanayo akuoneka bwinobwino. Kuonjezera apo, penti imeneyo kuti ichoke pakhungu mufunika palafini kapena thina, zinthu zimene mwana akangomwako pang'ono mukagonera kuchipatala. Polishi wa nsapato, buluu wochapira ndi inki, zonsezo zikhale patali.

Utoto wa mwana woti akadayika zala kukamwa muziphika nokha. Tengani theka la kapu ya fulawa kapena kondoole, sungunulani m'makapu awiri a madzi ozizira kuti pasakhale mibulu, ikani pamoto wochepa n'kumatakasa mpaka zikhale ngati phala lamadzimadzi la mwana wakhanda. Kondoole ndi amene ine ndimakonda, amatuluka wonyezimira komanso woterera, zala zimayenda bwino papepala. Ufa woyera umatheka, kungoti umakhala ndi timisere ndipo ukauma umayoyoka. Musasiye osaphika, fulawa yaiwisi ikhoza kumutsegula m'mimba. Shuga musathire, mungaitane nyerere. Chizizire ndithu mpaka pansi pa poto, kenako gawani m'timakontena ta majarini totha ntchito.

Mitundu nayo ili kukhitchini komweko. Kala wa makeke, uja amathiranso m'mafilizesi, madontho awiri atatu akwana. Mukasowa ameneyo, wiritsani chidede m'madzi ochepa mupeza wofiira. Masamba a nkhwani kapena a mpiru mukawafwafwaza n'kusinja n'kufinya pakansalu akupatsani wobiriwira, ngakhale sukhala wowala kwenikweni. Wachikasu umachokera ku ufa wa turmeric, umapezeka kwa ogulitsa zokometsera ndiwo mumsika wa Limbe ngakhale wa Ndirande womwewo, koma funsani kuti usakhale wosakaniza ndi tsabola, chifukwa ana amatikita m'maso. Dziwaninso kuti umenewu sumachoka msanga pa zovala. Wakuda, sinjani makala n'kusefa. Dothi la katondo limatulutsa mtundu wokongola kwambiri, koma limenelo ndi la wamkuluyo yekha, popeza dothi limasunga mazira a njoka za m'mimba.

Wa zaka 4 uja mumuonetse ichi: apake madzi a chidede pakatoni yoyera, kenako adonthezepo madzi amene mwasungunuliramo soda wophikira therere. Pofiira paja pamasanduka pobiriwira moderako iye akuona. Ana a m'kalasi mwanga amakuwa nthawi zonse tikachita zimenezi. Sodayo mugwire ndinu.

Za kuda kwa nyumba musade nazo nkhawa kwambiri. Yalani saka kapena chitenje chakutha pakati pa chipinda, kutali ndi khoma la alandilodi, pamwamba pake katoni yophwasula. Makatoni ndi abwino kuposa mapepala a m'kope, sang'ambika akanyowa, ndipo ambiri a maokala amakupatsani mukapempha. Kuseri kwa kalendala yakale nakonso n'kwabwino. Mapepala a simenti ayi, fumbi lake limawotcha khungu. Mwana muvekeni malaya akutha a bambo ake, akhale pansi. Pafupi pakhale kansalu konyowa ndi beseni la madzi ochepa, osati chidebe chodzadza, chifukwa mwana wa msinkhu wa wamng'onoyo akagweramo chamutu sangathe kudzitulutsa.

Wamng'onoyo safuna zambiri. Mitundu iwiri, supuni imodzi imodzi pakatoni, mumusiye apake ndi zikhatho, aponde ndi mapazi. Akalawa musakuwe, mungoti "ichi si chakudya, ndi cha pa pepala", n'kumubwezera dzanja pakatoni. Masiku amene mwatopa, mpatseni kapu ya madzi okhaokha ndi kasiponji apake pakatoni kapena pasimenti ya pakhonde. Pamada, pamauma, n'kuyambiranso. Akatha mphindi zisanu kapena khumi n'kunyamuka, masewera atha, musamukakamize. Zitsekerero za mabotolo, nyemba ndi timiyala musamupatse, zingamutsamwe.

Wamkuluyo ndiye mungachite naye zochuluka. Dulani therere pakati, aviike n'kudinda, patuluka kaduwa. Chitsononkho achigubuduze mu utoto kenako pakatoni. Tsamba la gwafa kapena la mango apake kuseri kumene kuli mitsempha, n'kulikanikiza papepala. Mbatata muiseme ndinu, mtanda kapena nyenyezi, mpeni usafike m'manja mwake. Nthenga ya nkhuku yotsuka bwino, mswachi wakale, kansalu komangirira kukamtengo, zonsezo ndi maburashi. Apinde pepala pakati, adontheze utoto mbali imodzi, atseke, asisite, atsegule aone zimene zatuluka. Mukhozanso kulemba dzina lake ndi kandulo yoyera papepala, iye n'kupakapo kala wosungunula m'madzi, zilembo zimaonekera zokha. Mukampatsa wachikasu ndi wabuluu wa kala wa makeke uja musamuuze kuti zitulutsa wobiriwira, apeze yekha.

Tsono chimene ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi ichi: musamugwire dzanja. Makolo ambiri amabwera kwa ine akudandaula kuti mwana akungokhwatchakhwatcha, sakujambula chinthu chooneka. Msinkhu wake ndi womwewo. Mwana wosakwana zaka ziwiri amagwira chinthu ndi chikhatho chonse n'kumayendetsa mkono wonse kuchokera paphewa. Cha m'ma zaka 3 ndi pamene ambiri amayamba kutseka mzere wozungulira, ndipo cha m'ma zaka 4 amajambula munthu wa mutu waukulu, miyendo yochokera kumutu komweko. Kukhwatcha kuja ndi kumene kukulimbitsa zala zoti zidzagwire pensulo ku sitandade 1. Mukamujambulira nyumba yowongoka n'kunena kuti "chita chonchi", amaona kuti yake ndi yolakwika, mawa lake amangoti "Amama, ndijambulireni". Ndawaona ana otere, amandimvetsa chisoni, pepala lili patsogolo koma akudikira kuuzidwa. Akapenta mbuzi yabuluu musamukonze. M'malo mofunsa kuti "chimenechi n'chiyani?", nenani kuti "tandiuza za chithunzi chakochi", mudzamva nkhani yaitali, ndipo pomwepo akuphunzira kulankhula.

Mayi ena alemba kuti uku ndi kuseweretsa chakudya, ndi zachizungu. Za chakudyazo ndikuwamvetsa, ufa sukupezeka mophweka. Ngati pakhomo pali povuta, madzi ndi makala n'zokwanira, ufa upite ku nsima. Koma zoti n'zachilendo ndikukana. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala amene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo zithunzi zoyera za kumeneko makolo athu Achewa ankapaka ndi zala pogwiritsa ntchito dothi loyera. Kumudzi mpaka lero amayi akamazira nyumba amakongoletsa khoma ndi dothi la mitundumitundu, ana aakazi ali pambali kutsanzira.

Utoto wophikawu sukhalitsa, tsiku lachiwiri umayamba kusasa, choncho muziphika wochepa, wotsala n'kutaya. Zithunzi muziyanika pachingwe ndi mapegi m'mwamba, pansi mphemvu zimadya. Nyengo ino ya mvula, ngakhalenso ya chiperoni mu June ndi July, zimachedwa kuuma, ndiye muzipaka mopyapyala kuti zisachite nkhungu. Ndipo ngati wina mwa anawo ali ndi zilonda kapena ziwengo m'manja, dikirani zipole kaye, pakadali pano agwiritse nthenga kapena mswachi uja.