Achimwene, penti ija muisiye kaye

Sabata yatha ndinalandira imelo ya m'bale wina wa ku Leicester ku England. Ali ndi galimoto ya MGB ya 1966, ndipo akufuna kupita nayo ku chiwonetsero komwe oweruza amayang'ana ngati galimoto idakali mmene inatulukira kufakitale. Akufunsa kuti aipente kaye? Achimwene, mwandigwira pachilonda.

Yanga ndi ya 1964, yopangidwa kufakitale ya ku Abingdon ngati yanuyo. Ndinaigula ikununkha chinyontho, mipando yachikopa itachita ming'alu ngati zidendene za m'chilimwe. Ndinkachita nayo manyazi. Ife tinakula tikudziwa kuti chinthu chothetheka ndi umphawi, ndiye nditangopeza kangachepe ndinathamangira nayo kugalaja ina. Mabatire awiri a mavolti 6 omwe amakhala kuseri kwa mipando tinachotsa, n'kuikapo limodzi la 12. Dynamo ya kampani ya Lucas, yomwe imatchaja mabatire, tinazula, alternator yamakono inalowa m'malo mwake. Penti yatsopano, mipando yatsopano. Makaniko atandifunsa zoti achite nazo zakalezo, ndinayankha ndi pakamwa pangapa kuti tayani.

Tsiku la chiwonetsero galimoto inkang'anima, ine chifuwa patsogolo. Woweruza anali mdala wina wa tochi m'manja. Kunyezimira konseko sanakuyang'ane n'komwe. Anagwada pa udzu, anasuzumira kunsi, anatsegula boneti, anaima nthawi yaitali pomwe panayenera kukhala dynamo. Kenako anatukula chivundikiro cha mabatire, n'kulemba pa pepala lake mwakachetechete. Yomwe inapambana inali galimoto yozilala penti, ya chiwongolero chotha ndi manja a eni ake.

Ndinakwiya mwezi wathunthu, koma lero ndili mbali ya mdalayo, mwinanso kumuposa. Penti ya kufakitale imapakidwa kamodzi basi. Mukaipala yapita, ngakhale mulipire zingati. Ndipo magalimoto ambiri omwe eni ake amati awakonzanso, ine ndimati awawononga ndi ndalama. Ngakhale ku chiwonetsero cha magalimoto cha ku Pebble Beach ku California, komwe kumasonkhana anthu olemera zedi, kuli gulu lapadera la magalimoto osakonzedwanso. Akunyumba mpaka lero amandikumbutsa kuti ndinalipira kawiri, potaya dynamo ndi posaka ina pa intaneti. Ndimangoti zii.

Ndiye muchite chiyani?

Itanitsani heritage certificate ku British Motor Museum ku Gaydon. Imaonetsa mtundu wa penti ndi tsiku lomwe galimoto yanu inapangidwa, ndiye muyerekeze ndi manambala ali pagalimotopo. Werengani malamulo a kalabu yokonza chiwonetserocho, chifukwa amasiyana. Itsukeni bwinobwino mpaka kunsi, dzimbiri mulithane nalo pamalo pomwe lili. Chilichonse chomwe mwachotsa, ngakhale kabawuti, chisungeni m'katoni. Ndipo ngati mabatire awiri aja akadalimo, nditumizireniko chithunzi ndidzipweteke nacho mtima.