Kuwala ndi mafunde kapena tizidutswa?

Achimwene a ku Luchenza, mwafunsa kuti zimatheka bwanji kuwala kukhala mafunde komanso tizidutswa. Funso limeneli linandisowetsa tulo ndili Fomu 4.

Mukadzapita ku Dziwe la Nkhalamba, mudzaponyemo miyala iwiri nthawi imodzi. Mafunde akakumana, pena amakula, pena amafafanizana madzi n'kukhala bata. Wasayansi Thomas Young anaona zomwezo atadutsitsa kuwala pa timipata tiwiri: kuseri kunaoneka mizere yowala ndi yamdima. Apa ndiye mafunde enieni.

Koma mu 1905 Albert Einstein anafotokoza kuti kuwala kumafika ngati timapaketi ta mphamvu, timene lero timatcha ma photon. Kuwala kofiira kuchuluke bwanji, sikungachotse electron (kachidutswa kakang'ono kwambiri ka mu atomu, konyamula magetsi) pa chitsulo cha zinki, pomwe ultraviolet (kuwala kosaoneka ndi maso) pang'ono chabe imachotsa, chifukwa kapaketi kake kalikonse kali ndi mphamvu zambiri. Sola ya padenga panu imadalira timapaketi timeneti.

Chondizizwitsa kwambiri ine n'chakuti mu 1924 Louis de Broglie anati electron nayonso ili ndi mafunde ake, ndipo mu 1927 Davisson ndi Germer anatsimikiza. Mukatumiza ma electron imodziimodzi pa timipata tija, iliyonse imagwa pakadontho kamodzi, koma madontho akachuluka mizere ija imatulukira.