Mwanayo sanalodzedwe, achemwali

Achemwali, mukudabwa chifukwa chake mwanayo akuopa beseni ndi mjigo. Sanalodzedwe ndipo sakudzichititsa. Kuopa beseni ndi mjigo pomwe chinamuopsa ndi madzi osefukira a ku Dwangwa mu 2024, ndi mmene mantha amayendera.

Usiku ngati uja ubongo susankha. Madzi akulowa pansi pa chitseko, mvula ikusokosa pamalata, matope akununkha, akuluakulu akukuwa mumdima, phazi la mwana silikupondanso pansi. Kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala kamamanga zonsezo mtolo umodzi wa zoopsa. Kenako mtolowo umakoka zina zomwe panalibe n'komwe. Beseni panalibe usikuwo, koma iye ankadziwa kale kuti beseni ndi la madzi. Mitambo imaitana mvula, mvula imaitana madzi aja. Wailesi ikangotchula za nyengo, mtima wayamba kale kugunda. Akatswiri ofufuza za maganizo a ku America, John Watson ndi Rosalie Rayner, anazionetsa mu 1920: khanda lina, Albert, ankalimenyera chitsulo kumbuyo likamagwira khoswe woyera, mapeto ake linayamba kuopanso kalulu ndi chovala chaubweya.

Zimandiwawa kwambiri akuluakulu amene amagwira mwana manja n'kumukhuthulira ndowa yonse kumutu, ati azolowere. Azolowere chiyani? Mwamubwezera usiku uja! Mawa aopa ndowa, sopo, bafa, ndi inu amene munamugwira.

Yambani ndi beseni louma, patali, masana, akudya chimene amakonda. Katswiri wina wa za maganizo, Mary Cover Jones, anachita chimodzimodzi mu 1924 ndi mwana amene ankaopa kalulu, kusendeza kaluluyo pang'onopang'ono mwanayo akudya. Tsiku lililonse mphindi 10 kapena 15. Akamasewera pafupi osalira masiku atatu otsatizana, thiranimo kapu imodzi, athire yekha. Kenako zala, mapazi, mpaka madzi afike mu akakolo. Pomwe ambiri amalakwitsa ndi apa: mwana akalira amachotsa beseni msangamsanga, ndiye amaphunzira kuti kuthawa ndiko kwamupulumutsa. Lisiyeni pomwepo, mumufungatire mpaka kupuma kutsike. Muzisinthanso malo, lero pakhomo, mawa kwa agogo, kenako kumjigo, chifukwa akazolowera pamalo amodzi mantha amabwereranso kwina. Kunyanja ndi komalizira.

Osamukakamiza ayi. Koma musalumphenso tsiku ngakhale akane, mutulutse beseni ndithu. Ngati akudzidzimukabe usiku kapena wayambiranso kukodza pamphasa, pitani naye kuchipatala cha boma ku Nkhotakota mukafunse anamwino oona za matenda a maganizo.