Kodi n'chilungamo kulipira intaneti imene ikungokhala usiku wonse?

Mayi ena amene ali ndi sukulu yophunzitsa makompyuta andilembera imelo kudandaula kuti kampani ya intaneti ikuwalipiritsa ma Mbps 10 (Mbps ndi muyeso wa liwiro la intaneti) mwezi wathunthu, chonsecho usiku ndi Lamulungu palibe amene amayatsa kompyuta.

Funsoli landikhudza, Mayi, chifukwa ndinagwirapo ntchito kumbali ya ogulitsa, ndipo dandaulo lomweli linkatipeza mwezi ndi mwezi. Makasitomala ankaona ngati tikuwadyera masuku pamutu, osadziwa kuti nafenso tinkalipira kwa otigulitsa mwezi wathunthu, ndiponso m'madola. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti imatipeza pa mawaya a fibre odutsa kwa anzathu a ku Tanzania ndi Mozambique, kumene kumafikira zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM ya 2009 ndi EASSy ya 2010, ndipo aliyense wa m'njiramo amafuna zake. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngongole ya m'madolayo inalemera tsiku limodzi.

Mukagula dedicated, imene ndi intaneti yosungidwira inu nokha, simulipira zimene mwagwiritsa ntchito ayi. Mumalipira kuti ena akanizidwe malo anu. Zili ngati kuchita hayala minibasi: ngakhale mukweremo atatu, mwini wake sangatengenso anthu panjira. Pamenepa ndili kumbali ya makampani, ndipo sindigwedezeka. Chimene chimandikwiyitsa ndi wogulitsa amene amatchaja mtengo wa dedicated koma n'kukulowetsani pa laini imodzi ndi anthu ena ambiri, poyembekeza kuti simudzayeza liwiro lake. Kumeneko n'kuba.

Makampani aakulu akamagulitsana okhaokha amakonda njira yotchedwa 95th percentile. Amayeza kagwiritsidwe ntchito mphindi 5 zilizonse, pakutha pa mwezi n'kuchotsa 5 peresenti ya miyeso yokwera kwambiri, imene ndi maola pafupifupi 36, kenako n'kutchaja potengera muyeso wapamwamba mwa yotsalayo. Ndimaikonda chifukwa siilanga munthu kaamba ka tsiku limodzi lotanganidwa ngati la mayeso a ophunzira.

Chochita

Yezani kwa mwezi umodzi kuti masana mumafika pa ma Mbps angati. Kenako pemphani CIR yocheperako, ndiye kuti liwiro lotsimikizika, yokhala ndi mwayi wopitirira laini ikakhala ndi mpata, ndipo mgwirizano unene ndalama zimene adzakubwezereni intaneti ikaduka.