Kiti ya nitrous pa Hilux 2.7: musaimange pampu ya petulo isanayezedwe

Achimwene, mwalemba m'gulu lino kuti Loweruka mukupereka Hilux yanu kuti aiike kiti ya nitrous, mpweya wa m'botolo umene amaulowetsa mu injini kuti iwonjezere mphamvu. Galimotoyo musaipereke. Amene wakuuzani kuti amanga kiti ya 150 (yowonjezera mahosipawa 150) pa Hilux ya 2.7 tsiku limodzi osakhudza china chilichonse, ntchitoyi saidziwa, kapena akuidziwa koma maso ali pa ndalama yanu. Injini yake, ya 2TR-FE, imachoka ku fakitale ndi mahosipawa pafupifupi 160. Iyeyo akufuna kuwonjezerapo 150 pa mapisitoni omwewo, pampu yomweyo, mapulagi omwewo, timing (nthawi imene pulagi imayatsa moto) yomweyo. Injini zomangidwa motero zimabwera ku galaja zili pa chingwe, ndipo tikatsegula hedi timapeza zofanana nthawi zonse.

Nitrous payokha siyaka. Ikalowa mu silinda n'kutentha kufika madigiri pafupifupi 300, imasweka n'kutulutsa okosijeni. Pa kulemera kwake, magawo 36 pa 100 ndi okosijeni, pamene mpweya wamba uli ndi 23 okha. Mphamvu imachokera ku petulo wowonjezera amene okosijeniyo amawotcha. Mahosipawa 100 owonjezera amafuna petulo wina woposa malita 30 pa ola, pamwamba pa amene injini ikumwa kale. Petuloyo akachepa, moto wa mu silinda suchepa ayi, umangotentha kwambiri, ndipo umayamba kudya nsonga ya pulagi, kenako pisitoni.

Zimachitika motere. Mwaponda mpaka pansi m'giya 3, solenoid (mavavu a magetsi) zonse ziwiri, ya nitrous ndi ya petulo, zatseguka. Nitrous ikubwera ndi 900 psi, petulo akubwera ndi pafupifupi 3 bar basi (cha m'ma 44 psi), ndiye nitrous ndi imene imayamba kufika. Masekondi awiri oyamba galimoto imakukankhirani pampando, mumamva kukoma. Koma sefa ya petulo ili ndi matope a mafuta a m'zigubu amene tonse tinathira nthawi imene pa filling station panali mizere, pampu ya m'thanki yayenda makilomita 200,000, mphamvu ya petulo ikutsika pang'onopang'ono inu osadziwa chifukwa palibe geji. Mu silinda petulo wayamba kuphulika yekha pulagi isanamalize ntchito yake. Kaphokoso kake kamamveka ngati timiyala m'chitini, koma ndi ekizozi yaphokoso simungakamve. Ring'i yapamwamba yatentha, yafutukuka, nsonga zake ziwiri zakumana chifukwa mpata umene Toyota anasiya ndi wa injini yonyamula katundu, osati wa nitrous. Ilibe kopita, imakanirira ku khoma la silinda, pisitoni ikupitabe pansi, kakhoma ka pisitoni kogwira ring'i kamathyoka. Chidutswa chimamenya vavu, chimasiya mabala mu hedi, china chimatsika n'kukanda buloko. Kumbuyo utsi wabuluu, dipstick yadumpha, oyilo ali paliponse pansi pa boneti, injini ikuyenda ndi masilinda atatu. Zonsezi m'masekondi osakwana 10. Mukachotsa mapulagi, imodzi ilibe nsonga, zina zili ndi timadontho ta aluminiyamu yosungunuka. Aluminiyamu imasungunuka pa madigiri 660, ndipo pisitoni yanu ndi ya aluminiyamu.

Chimandipweteka n'chakuti omanga aja sapezeka pa tsiku limenelo. Foni sayankha, akayankha amati injini inali yotha kale. Mwini galimoto amatsala ndi ngongole ya mapisitoni, maring'i, mabeya, gasiketi, kukonza hedi ndi kuboola buloko, ndipo mkwiyo wake amautulira makaniko amene wamuuza mtengo. Mukaona ntchito imene anasiya mumagwira mutu. Payipi ya petulo yadulidwa n'kumangidwa ndi makilampu a payipi ya madzi. Waya wa solenoid wangopotedwa pa waya wa wailesi, palibe relay, palibe fyuzi. Batani lili pa chiwongolero kuti mwini azidina nthawi iliyonse imene wafuna. Botolo lamangidwa ndi malegeni ku roll bar. Pa ulusi wa mapayipi akulunga tepi yoyera ya mapulambala, ndipo kachidutswa ka tepiyo kakalowa mu solenoid, siitsekanso bwino. Nitrous imadontha usiku wonse m'manifold, m'mawa munthu akangoliza injini, phuu! Manifold ya 2TR-FE ndi ya pulasitiki, imasweka pamodzi ndi bokosi la sefa ya mpweya ndi MAF (sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini). Pa ulusi timapaka phala la Teflon pang'ono, ndipo pa ma fitting a AN (zolumikizira zimene zimatseka ndi nsonga yake, osati ndi ulusi) sitipaka kanthu. Ndipo amene analemba m'mwambamu kuti botolo likatha mungalidzazitse okosijeni wa owotcherera zitsulo, chonde fufutani zimenezo munthu asanaziyese. Okosijeni weniweni akakumana ndi oyilo kapena girizi amayaka pompo, ndipo mu injini palibe chimene chingamuletse.

Batani la pa chiwongolero lija ndi loopsa pa chifukwa chake. Nitrous imalowa mlingo womwewo kaya injini ikuzungulira pang'ono kaya kwambiri. Kiti ya 100 pa 4,000 rpm imawonjezera torque pafupifupi 180 Nm. Kiti yomweyo pa 2,000 rpm imawonjezera pafupifupi 355 Nm, pa injini imene payokha imapereka pafupifupi 240 Nm. Ndiye ma conrod amapindika, gasiketi ya hedi imabooka. Pamafunika window switch yolola nitrous kuyambira 3,000 rpm ndi kuitseka cha m'ma 5,000, isanafike rev limiter (malire a kuzungulira kwa injini), chifukwa limiter imadula petulo pamene nitrous ikulowabe. Pamafunikanso swichi yoona kuti mwaponda mpaka pansi. Hilux yanu ilibe kebulo ya throttle, ndi yamagetsi, choncho swichiyo iziwerenga TPS (sensa yoona mmene throttle yatsegukira) kapena ikhale pansi pa pedulo. Yachitatu ndi swichi ya pa payipi ya petulo, imene imazimitsa nitrous mphamvu ya petulo ikangotsika. Iyi ndi yotchipa kuposa pisitoni imodzi koma ndi imene anthu amaisiya m'bokosi.

Kitiyo mwati msuweni wanu akutumiza kuchokera ku Joni. Mufunseni ngati ndi wet kapena dry. Ya dry imaponya nitrous yokha n'kudalira ma injector kuti awonjezere petulo, ndipo ECU (kompyuta ya injini) ya Hilux sidziwa kuti pali nitrous. Imeneyo ayi. Ya wet ili ndi solenoid yakeyake ya petulo, ndipo nozzle imaikidwa pakati pa MAF ndi throttle body, yoloza kumene mpweya ukupita. Kaya ndi NOS, Nitrous Express kapena ZEX, pepala la ma jet (timabowo toyeza mlingo wa nitrous ndi petulo) libwere nalo. Koma pepalalo musalikhulupirire lonse. Petulo wathu kuno ndi wosakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amafuna mafuta ochulukirapo pa mpweya womwewo. Jet ya petulo yambani ndi yokulirapo sitepe imodzi, muike geji ya wideband, yoonetsa magawo a mpweya pa gawo limodzi la petulo, ndipo nitrous ikamalowa muziona 11.5 mpaka 12. Ikakwera kufika 13, petulo wachepa, chotsani phazi.

Timing iyenera kubwezedwa madigiri 2 pa mahosipawa 50 alionse. Pa Nissan Hardbody yakale ya distributor mungapotoze ndi sipanala, koma pa 2TR-FE zonse zili mu ECU, ndiye pamafunika piggyback (kakompyuta kolumikiza ku ECU) ngati Unichip, yokhala ndi map imene imalowa nitrous ikangoyatsidwa. Knock sensor (sensa yomva petulo akamaphulika yekha) musaidalire, imamva mochedwa pa liwiro limene zinthu zimawonongekera. Mapulagi akhale ozizira sitepe imodzi kapena ziwiri, a nsonga yosatulukira kwambiri, osati a platinum, ndipo mpata wake muuchepetse kufika 0.8 mm.

Za botolo anthu a Lilongwe tiyenera kusamala kuposa zimene zili m'mabuku a ku America. Ma jet amawerengedwa pa 900 mpaka 950 psi, ndipo zimenezo zimapezeka botolo likakhala pa madigiri pafupifupi 30. M'mawa wa June kukazizira kufika madigiri 10, geji imaonetsa cha m'ma 600 psi, nitrous imachepa, petulo amachuluka, galimoto imatsamwa ndipo petulo wodikha m'manifold angaphulike. Mu October ndiye zosiyana. Botolo lili poyera kumbuyo kwa pikapu, dzuwa la masana likuliwomba. Nitrous ikadutsa madigiri 36 siikhalanso yamadzi, geji imapitirira 1,000 psi, jet yomwe ija ikuponya zochuluka pa petulo yemweyo, ndipo solenoid zina zimakana kutseguka. Galimoto imene inayenda bwino madzulo a July ingaswe pisitoni masana a October popanda munthu kusintha kanthu. Botolo likhale ndi geji, chivundikiro choteteza dzuwa ndi heater yokhala ndi swichi yozimitsa yokha. Osalitenthetsa ndi moto. Mabulaketi aboolere pa chitsulo cha bodi ndi mabawuti, vavu iloze kutsogolo ndipo ikhale yokwererapo pang'ono, chizindikiro cha botolo chiyang'ane kumwamba, kuti kapayipi ka m'kati kazimwa madzi a nitrous osati mpweya wake. Ngati muli ndi canopy, payipi ya safety disc (kachitsulo kamene kamaphulika n'kutulutsa nitrous mphamvu ya m'botolo ikapitirira) itulukire kunja. Mukafika kunyumba tsekani vavu ya botolo n'kutulutsa zotsala m'payipi ndi purge (vavu yotulutsira nitrous panja).

Funsaninso kodzadzitsa musanalipire kalikonse. Kiti imabwera ndi botolo lopanda kanthu. La 10 lb limatenga makilogalamu 4.5, ndipo kiti ya 100 imadya pafupifupi magalamu 360 pa masekondi 10 alionse. Botolo likatsala kotala mphamvu imayamba kugwa, ndiye muwerengere maulendo 8 mpaka 10 basi.

Mabwana a D-4D (Hilux za dizilo) amene mwalowerera kuti inunso mukufuna, nkhani yanu ndi ina. Pa dizilo nitrous imangowonjezera okosijeni, imathandiza ngati pali dizilo wotsala amene akutuluka ngati utsi wakuda. Pa galimoto yosachunidwa simupeza zambiri. Pa yochunidwa mopitirira, mphamvu ya mu silinda imakwera mwadzidzidzi. Injini ya 1KD-FTV ya 3.0 imadziwika kale ndi kung'ambika mapisitoni ma injector akatopa, komanso mawashala a pansi pa ma injector akamadontha amapanga kaboni amene amatseka sefa ya pampu ya oyilo. Yambani ndi kuyeza ma injector, kusintha mawashala, intercooler yabwino, ekizozi yotakasuka ndi geji ya EGT (yoyeza kutentha kwa utsi wa ekizozi) yoikidwa turbo isanafike. Ikamakhalitsa pamwamba pa madigiri 700, bwezani phazi.  Pa magalimoto onsewa kilatchi ndi imene imayamba kuterereka.

Koma achimwene, sindikuti kitiyo muibweze. Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, mpweya ndi wopepuka, injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa 10 la mphamvu yake, ndipo 2.7 imamveka ulesi umenewo. Nitrous imabwera ndi okosijeni wake, sisamala za mtunda. Jet ya 50 pa 2TR-FE yathanzi imayenda bwino pa mapisitoni a fakitale, ndipo pa mlingo umenewo ambiri sagwira n'komwe timing, bola petulo akhale wabwino wa pa pampu, osati wa m'chigubu. Ine ndingaike. Pa V6 ya 4.0, 1GR-FE, 75 imatheka. Mukafuna 100 kapena 150 pa masilinda anayi, ndiye injini itsike: mapisitoni a forged, ma conrod olimba, mpata wa maring'i wokulitsidwa, ma stud a ARP, gasiketi ya MLS (ya zitsulo zosanjikizana), pampu ya malita 255 pa ola ngati Walbro, kilatchi yolimba. Pofika pamenepo ndalama yake muiyerekeze ndi ya turbo kapena yogula ya V6, chifukwa botolo limatha koma turbo siitha.

Poyesa koyamba musapitirire masekondi 3, m'giya 3, kenako zimitsani injini pomwepo, chotsani mapulagi anayi onse muwaone. Timadontho takuda kapena tonyezimira pa choyera cha pulagi ndi chizindikiro chakuti petulo akuphulika yekha, musapitirize. Zikakhala bwino onjezerani pang'onopang'ono, koma osadutsa masekondi 10 mpaka 15. Pikapu yopanda katundu ndi yopepuka kumbuyo, matayala amaterereka msanga ndipo masipuling'i amapotoka, ndiye mabuleki, mashoko ndi matayala zikhale zabwino. M1 cha ku Kanengo kapena Bypass si malo oyesera, kuli akabaza ndi ana odutsa msewu. A inshuwalansi auzeni zimene mwasintha, asadzakane kulipira.

Musanachite chilichonse, yezetsani compression pa masilinda onse anayi, asasiyane kuposa magawo 10 pa 100. Sinthani sefa ya petulo, tsukitsani thanki, ikani geji pa payipi ya petulo muone ngati ikugwa mukaponda mpaka pansi m'giya 3. Manambala amenewo muwaike muno pamodzi ndi chithunzi cha ma jet amene ali m'bokosi, tiwaone tonse musanaboole payipi ya mpweya.