Malangizo a Agogo: Kusiya bwana, ndi zomwe zinamuonekera Lü Bu

Adzukulu awiri abwera ndi funso limodzi. Akuti mkulu wankhondo wa ku China, Lü Bu, amamuona m'magemu akugonjetsa aliyense, nanga bwanji akuluakulu amamutchula ngati chitsanzo choipa? Kodi kusiya bwana n'kupita kwa wolipira bwino ndi kulakwa?

Adzukulu anga, kusintha abwana si kumene kunaphetsa Lü Bu. Ufumu wa Han ukuphwasuka, ankhondo ambiri ankatero. Msilikali wina, Zhang Liao, anatumikira akuluakulu ankhondo Ding Yuan, Dong Zhuo, Lü Bu yemweyo, kenako Cao Cao, koma anamwalira ali wolemekezeka. Inu yang'anani mmene Lü Bu ankachokera.

Kwawo kunali ku Jiuyuan, kumpoto, ndipo anali katswiri pa kavalo ndi uta. Ding Yuan, woyang'anira chigawo cha Bing, anamupatsa udindo n'kumamukonda. M'chaka cha 189 AD, mfumu Ling itamwalira, Dong Zhuo analowa mumzinda wa Luoyang, likulu la ufumuwo, ndipo pofuna asilikali a Ding Yuan ananyengerera Lü Bu. Mnyamatayo anadula mutu wa bwana wake n'kukaupereka. Awiriwo analumbirirana kukhala bambo ndi mwana, Lü Bu n'kukhala mlonda wake.

Dong Zhuo anali wa mtima wapachala, moti tsiku lina anamuponyera mkondo waufupi pa nkhani yaing'ono. Nayenso Lü Bu ankagona ndi mdzakazi wa m'nyumbamo, akuopa kuti zidzaululika. Nduna Wang Yun itamuuza za chiwembu, anayamba wadodoma poti uja ndi bambo. Wang Yun anamukumbutsa kuti iye ndi wa kwa Lü, magazi si amodzi. Mu 192 Lü Bu anapha Dong Zhuo mumzinda wa Chang'an. Dong Zhuo anali wankhanza, ndiye anatenthetsa Luoyang, ndipo ataphedwa anthu anasangalala m'misewu. Koma olamulira zigawo ankawerenga zawo: Lü Bu wapha abwana awiri m'zaka zitatu. Za mtsikana wokongola Diaochan, amene amati anakanganitsa Lü Bu ndi Dong Zhuo, n'zopeka za olemba nthano am'tsogolo.

Kuchokera apo Lü Bu sanakhazikikenso. Anthu a Dong Zhuo anamupirikitsa ku Chang'an. Anapita kwa akuluakulu ena ankhondo: kwa Yuan Shu sanakhalitse, kwa Yuan Shao anathawa atatsala pang'ono kuphedwa. Mu 194 analanda chigawo cha Yan, mwini wake Cao Cao ali kunkhondo, chaka chotsatira n'kuthamangitsidwamo. Amene anamulandira ndi Liu Bei wa chigawo cha Xu. Mu 196, Liu Bei akumenyana ndi Yuan Shu, mlendoyu analanda mzinda wa Xiapi, mkazi ndi ana a womusungayo ali momwemo. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tsono inu mukapeza ntchito yabwino, pitani, koma chokani masana. Nenani nthawi ikadalipo monga mwa pangano lanu, makiyi, ndalama ndi mabuku muperekere pamaso pa mboni, ngongole muimalize, ndipo zinsinsi za pakhomo lakale musakagulire nazo malo kwa bwana watsopano. Iyeyo adzakusekererani lero, koma m'mtima adzadziwa kuti zakenso mudzazigulitsa.

Kumapeto kwa 198 Cao Cao anazinga Xiapi n'kupatutsira mumzindamo madzi a mitsinje ya Yi ndi Si. Lü Bu anapempha thandizo kwa Yuan Shu, munthu amene chaka chapitacho Lü Bu anamulonjeza mwana wake wamkazi kuti akwatiwe ndi mwana wa Yuan Shuyo, n'kukamubweza ali kale m'njira, mthenga wa ukwatiwo n'kumupereka kuti akaphedwe. Thandizo lopulumutsa silinafike. Patatha miyezi itatu, akuluakulu ake omwe, Hou Cheng, Song Xian ndi Wei Xu, anamanga mlangizi Chen Gong n'kukadzipereka. Wei Xu ameneyu ndi wachibale amene Lü Bu anamupatsa asilikali 700 a Gao Shun, munthu wokhulupirika amene malangizo ake sankamveka.

Ali m'zingwe, Lü Bu anayesanso malonda ake akale: anauza Cao Cao kuti amupatse okwera pa akavalo, dziko lonse aligonjetsa limodzi. Cao Cao anazengereza. Liu Bei anangomufunsa ngati waiwala zomwe zinaonekera Ding Yuan ndi Dong Zhuo. Lü Bu anaphedwa pomumanga chingwe m'khosi mu February 199, ndipo Chen Gong ndi Gao Shun anaphedwa naye limodzi.