Kodi chimanga n'cha makolo athu?

Achemwali ena a ku Chinamwali anditumizira imelo. Akuti mwana wawo wabwera kusukulu n'kunena kuti chimanga ndi mbewu yachilendo, ndipo agogo ake apsa mtima kuti aphunzitsi akumunamiza. Ndiye akufunsa kuti wolondola ndani.

Achemwali, mwanayo sananame. Chimanga kwawo ndi ku Mexico, kumene anthu anayamba kuchilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Ku Africa kunalibe ngakhale njere imodzi mpaka Christopher Columbus atafika ku America mu 1492. Zombo za Apwitikizi ndi zimene zinachifikitsa m'magombe athu m'zaka za m'ma 1500, ndipo chinalowa kumtunda kuno pang'onopang'ono, m'njira zamalonda. Makolo athu nsima ankadya ndithu, apa agogowo asatsutsidwe, koma inali ya mapira ndi mawere. Chimanga chinadzalanda minda yonse mochedwa kwambiri, nthawi ya atsamunda ndi pambuyo pake.

Tsiku lina mukadzalowa mumsika wa Zomba, muyese kuwerenga za ku America. Chinangwa, mtedza, mbatata, kachewere wotsika kuphiri, tomato, tsabola, nyemba, maungu, chinanazi, mapapaya, magwafa, mapeyala, ngakhale fodya amene dziko lathu limadalira. Mukazichotsa zonsezi mabenchi atsala mbee! Khobwe, nzama ndi mapira ndiye eni nthaka. Mango anachokera ku India, nthochi kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, koma izo zinadzera njira ina. Ndipo mukakweza maso ku Ku Chawe, paini wambiri amene mukumuonayo nayenso ndi wa ku Mexico.

Anthu a ku America ndi amene anaona zakuda pa kusinthana zinthu kumeneku. Analandira akavalo, ng'ombe, nkhumba, tirigu ndi nzimbe, koma zombo zomwezo zinanyamulanso nthomba ndi chikuku, matenda amene matupi awo anali asanakumanepo nawo. Nthomba inasesa mzinda wa Tenochtitlan, likulu la ufumu wa Aaziteki ku Mexico, mu 1520, chaka chotsatira msilikali wa ku Spain, Hernán Cortés, n'kuugonjetsa. Eni dziko ochuluka atafa, minda ya nzimbe inasowa antchito, ndipo azungu anatembenukira kwa ife. Anthu oposa 12 miliyoni anakwezedwa m'zombo ngati akapolo. Ichi n'chifukwa chake ine sindikonda kuyikamba nkhaniyi ngati ya zakudya zokha.

Ifenso sitinangolandira zokoma. Matekenya aja anachokera ku South America, anatsikira ku Angola cha m'ma 1870, ndipo pasanathe zaka 30 anali atavutitsa zala mpaka kugombe la kum'mawa.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti tinataya mapira ndi mawere mwachangu. Mbewuzi zimapirira ng'amba kuposa chimanga, chimene chimafuna mvula yabwino nthawi ya ngayaye, kuonjezera apo feteleza wodula. Alimi a kuchigwa cha Chilwa akudziwa zimene zimachitika mvula ikadula mu Januwale.

Adani a chimanga nawo akuchilondola kuchokera kwawo. Nankafumbwe wamkulu uja woboola ndi nkhokwe yomwe anafika ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kuchokera ku Central America. Ntchemberezandonda za mtundu wachilendo zochokera ku America zinaoneka ku Africa mu 2016, ndipo pofika Disembala 2017 boma lathu linali litalengeza kuti zagwetsa tsoka m'maboma 20.